Chiboliboli cha Khutu Long'ambika

9 Febuluwale

Wokondedwa mkazi wanga,

Moni kwa iwe ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kungoti msana ukudandaula ndi kuyala mabedi. Ndani akanakhulupirira kuti ine, amene unkandinena kuti pomwe ndagona pamaoneka ngati pamenyanirana agalu, lero ndikulipidwa chifukwa choyalira anthu ena? Mu hotela muno nsalu ya pabedi imafunika iwongoke ngati tebulo. Ndikadzabwera usadzayembekezere zimenezo kunyumba.

Amayi ali bwanji? Maso aja akuonako pang'ono? Ndatumiza kangachepe kudzera kwa adalaivala a thiraki aja. Uyambe wagula mankhwala a amayi, kenako nsapato za mwana wathu wamkuluyo. Denga lidikire kaye.

Tsopano khala pansi. Lamlungu ndinapita kumsika wa alendo kukakufunira mphatso, paja unati ndisadzabwere chimanjamanja. Msikawo uli kuseri kwa siteshoni ya basi, pansi pa denga la malata. Matebulo angoti mbwee mikanda, madengu, nsalu zojambula ndi tinjovu ta mitengo. Alendo odzaona malo amayenda pang'onopang'ono, zikwama atazikumbatira pamimba. Mtengo wa chinthu umatengera nsapato za wogula. Wa kabudula ndi chipewa amauzidwa wake, ine wa zidendene zakutha ndimauzidwa wanga.

Ndinali nditagwira ndolo za mikanda patebulo la mayi wina wolankhula ngati wailesi, pomwe ndinamva ngati wina akundiyang'ana. Kuseri kwa tinjovu kunali chiboliboli chotalika ngati botolo: mayi atakhala pansi, dzanja lili patsaya. Ndinachinyamula. Khutu lake lamanzere ndi long'ambika kunsonga ngati la amayi, lija anang'amba mlamu wako Mzime ali khanda pokoka ndolo. Mphuno ndi ya amayi. Kakhalidwe ndi kaja amakhalira pakhonde akatopa ndi makina osokera.

Zaka zitatu mng'ono wanga ali zii m'tauni muno, foni yake yosagwira. Ndamufunsa m'matchalitchi ndi m'mabala osamva kanthu, ndiye lero amayi andipeza okha pamsika.

"Anasema ndani?" ndinafunsa.

Mayi wa mikandayo anati, "Chimenecho n'chakale kwambiri, achimwene. Chinafukulidwa kuphanga, n'cha makolo."

Ndinachinunkhiza kunsi komwe polishi sanafike. "Mayi, makolo anuwo anachisema sabata yatha? Mtengowu ukadali wauwisi."

Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Inu si mlendo eti? Chabwino, ndimapikula kwa munthu wa vani. Amabwera akafuna."

Ndinagula, ndolo zako zinatsala, undikhululukire. Ife tinakulira m'zipalapala za bambo osema, mtengo wauwisi sungandinamize. Mzime ali moyo ndipo akusema. Chibolibolicho ndapereka kwa adalaivala pamodzi ndi kalatayi. Ukachiike m'manja mwa amayi, uwauze kuti mapazi a mwana wawo ndawaona, kwatsala n'kumugwira mkono.

Ine mwamuna wako.

2 Malichi

Wokondedwa mkazi wanga,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa cha wamng'onoyo chapola. Ine ndili bwino. Zakudya za kuno zikundinenepetsa masaya okha, kwina konseku ndikadali ndodo yomwe ija unakwatiwa nayo.

Koma za amayi sindinamvetse. Ukuti anachipapasa nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka pansi, kenako anangoti "zikomo" n'kuchiika pawindo? Basi? Ine ndimayesa alira, kapena aitana anthu apafupi adzaone. Kodi unawafotokozera bwino za mtengo wauwisi? Iwe ukamawerenga umadumpha mizere, ndimakudziwa. Uwawerengerenso.

Munthu wa vani sindinakumane naye. Lamlungu lililonse ndimakhala pachitini cha penti pafupi ndi tebulo la mayi wa mikanda, moti tsopano amandituma kukawagulira tiyi ngati mkamwini wawo. Akuti vaniyo ilibe tsiku. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndidikira.

Ndili chidikirire ndazindikira kuti amayi sali patebulo limodzi lokha. Ndinazungulira msika wonse. Ali pakhomo lolowera, ali pakati pa madengu, alinso m'sitolo ya magalasi kutsidya kwa msewu, momwe mtengo wawo sindingakuuze, ungakomoke. Ogulitsa amawatcha Mayi Woganiza. Akuti akuyenda malonda kuposa njovu. Ndiye kuti Mzime akusema osapuma. Nanga ndalama zake zikulowera kuti, osatumiza ngakhale ya sopo?

Ndinaona mlendo wina wa imvi akunenerera. Anawagwira amayi pakhosi, kuwatembenuza, kuwagogoda ndi chikhadabo, kenako n'kuloza khutu lija. Akuti ndi chothyoka, amuchotsereko mtengo. Wogulitsa anati onse ndi otero, ndi kapangidwe kake. Ndinafuna kumuuza kuti pakhutu pamenepo panatuluka magazi, ine ndinalipo, ndi ine ndinathamanga kukatenga madzi ndi kansalu. Ndinangoyang'ana kumbali. Anawakulunga m'nyuzipepala n'kuwaponya m'chikwama pamodzi ndi botolo la madzi.

Za makina osokera, asagulitsidwe, ngakhale mlongo wako abwerenso ndi wogula wake uja. Amayi ulusi sakuuona, koma amakonda kukhala pamenepo n'kumapalasa chopondera. Alandilodi uwauze adikire kutha kwa mwezi.

Ine mwamuna wako.

13 Epulo

Wokondedwa mkazi wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndilipo, tulo tokha ndi tomwe tikuvuta. Mnzanga amene ndimakhala naye chipinda chimodzi anapita kukagula buledi sabata yatha, mpaka lero. Jekete lake likadali pamsomali. Akuti anakumana ndi apolisi aja ofunsa mapepala. Za ine usade nkhawa, ndimayenda njira za kuseri. Ndimeyi amayi usawawerengere.

Amayi tsopano andilondola kuntchito. Ndimalowa m'chipinda cha mlendo m'mawa, ndikangotsegula makatani, ndimawapeza atakhala pakatebulo ka pambali pa bedi, dzanja patsaya, akundiyang'ana ndikusintha nsalu. Ndimapezeka ndanena kale "mwadzuka bwanji" ndisanaganize. Mnzanga wotsuka mabafa anandimva, akuti mwina ndayamba kusuta.

Tsiku lina ndinawapeza m'bini, khosi litathyoka, ali pakati pa makoko a zipatso ndi timapepala ta m'sitolo. Mlendoyo anaona kuti sangakwere nacho ndege chothyoka. Lamulo la muno likuti za m'bini si za wantchito, koma ndinawabisa m'sokosi n'kutuluka nawo. Ndawamata ndi guluu. Pawindo langa tsopano alipo angapo, ena ogula, ena otola. Ndikafuna kuvula ndimayamba ndawatembenuzira kukhoma. Useke, palibe kanthu, ineyo kuseka sikukubwera.

Chikundiwawa ndi ichi. Ndikawandandalika pamodzi ndimaona kuti nkhope ikusintha. Uja ndinakutumizira anali amayi ndithu. Atsopanowa mphuno yafupika, maso angotsala maenje, ndipo pong'ambika paja pakunka pakula ngati panaluma galu. Mzime akuiwala nkhope ya amayi ake. Akukumbukira chilonda chokha chimene anawapatsa, ndicho chikumudyetsa. Munthu amene amayi ankamubisira chakudya ife tonse titagona, lero akuwagulitsa pamsika osawaimbira ngakhale foni.

Ndakwiya, sindikubisira. Ndikamupeza ndidzayamba ndamuwomba khofi, kenako ndidzamukumbatira. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma fupa limeneli landiima pakhosi.

Ukuti amayi sakufunsa za iye, amangofunsa ngati ine ndikudya? Mwina akumusungira mawu oti adzamuuze pamaso. Wamkuluyo umuuze kuti za sukulu ndamva, ndipo lamba wanga ndikadali naye.

Ine mwamuna wako.

11 Meyi

Wokondedwa mkazi wanga,

Moni mwachangu, adalaivala akuliza hutala panja. Ndili bwino.

Vani ija yabwera lero. Mayi wa mikanda anandikodola, ndinathamanga mpaka kutaya tiyi wawo. Mwini vaniyo poyamba anandiyesa wapolisi, koma atayang'ana nsapato zanga mtima unakhala pansi. Akuti mayina sawadziwa, iye amangotenga katundu kushedi ina kuseri kwa fakitale ya simenti, komwe sitima imathera. Ndinamufotokozera za mnyamata wamtali, wa mpata kumano, wokonda kuimba mluzu akamasema. Anati, "Osema alipo ambiri kumeneko. Mukafunse mdala wa sandipepala, ndiye wakhalitsa."

Ndipita Lamlungu likudzali. Ndamugulira malaya, mwina ake anatha. Khofi uja ndikuona kuti ndamukhululukira kale. Amayi uwauze kuti mwezi uno usanathe amva mawu a mwana wawo pafoni, ndipo foniyo izikhala ndi moto nthawi zonse, ana asamaseweretse.

Ine mwamuna wako.

22 Juni

Mkazi wanga,

Iyi uwerenge wekha, kuchipinda. Ndili moyo, sindikudwala, sanandigwire. Pepa kuti ndinakhala chete, ndipo foni yako ndinkaiona ikuitana. Ndinkangoisiya iitane.

Ndinapita kushedi kuja. Ndi chinyumba chachitali cha malata, mkati muli fumbi loti munthu wa kumapeto sumuona bwino. Nditangolowa ndinaima. Pansi ponse panali amayi, atagonekedwa m'mizere kuyambira pakhomo mpaka kukhoma, ambiri opanda nkhope. Osema akhala pabenchi lalitali. Woyamba amadula thupi ndi makina, wachiwiri amasema dzanja ndi tsaya, wina maso. Wa kumapeto ntchito yake ndi khutu basi. Amatenga, kudula kamodzi ndi tchizulo, kuponya padengu, n'kutenga china, uku akucheza za mpira.

Mdala wa sandipepala ndinamupeza pakona, atamanga kansalu pamphuno.

"Ndikufuna amene amasema mayi uyu," ndinatero.

"Tonse timasema."

"Amene anamuyamba."

Anatsitsa kansalu kaja n'kundiyang'anitsitsa. "Chipumi n'chomwecho," anatero. "Ndinu akulu ake? Tiyeni panja, muno simumveka."

Tinakhala pa chipika. Akuti Mzime anafika n'kumasema njovu ngati wina aliyense. Nthawi yopuma anzake akamadya, iye ankasema kanthu kake pambali, n'kumati ndi amayi ake, adzawapititsira akadzapeza ya basi. Mwini shedi anachiona, anakachiyesa pamsika, alendo n'kuchikonda. Kuyambira pamenepo benchi lonse linasiya njovu. Kenako fumbi linamulowa m'chifuwa. Anatsokomola nyengo yonse yozizira, osafuna kuti kwawo amve kuti zamukanika. Papita zaka ziwiri chimuikireni m'manda. Foni anali atagulitsa kale pogula mankhwala, ndipo panalibe wodziwa kwawo.

Ndinafunsa chifukwa chake nkhope ikusintha. Mdalayo anati anyamata atsopano satengera pa choyamba chija, aliyense amaonera cha mnzake wapafupi. Amene anakhalapo naye Mzime akutha mmodzimmodzi.

Choyambacho chili pamwamba pa kabati muofesi ya kapitawo, chada bii ndi manja a anthu. Anandilola kuchigwira. Mkazi wanga, ndi amayi a zaka zija tinali ana, ngakhale kamtsempha ka pakhosi kalipo. Ndinapempha kuti andigulitse. Kapitawoyo sanandinyoze, anangoti, "Pepani kwambiri, koma shedi yonseyi ikudya pa chimenechi. Sankhani chatsopano, ndikupatsani ulere." Ndinatuluka osasankha.

Kumsika kuja ndinanunkhiza mtengo ngati katswiri, osaganiza kuti mtengo wauwisi umangonena za tsiku lomwe unadulidwa. Ndipo ndinamutukwana munthu ali m'manda, ati waiwala amayi ake. Malaya aja ali m'pepala lake pansi pa bedi, sindikudziwa kuti ndiwatani.

Amayi usawauze. Ndinawalonjeza mawu pafoni, ndiye uwauze kuti anamusamutsira kutauni ina, ndikumulondola. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndidzawauza ndekha ndikadzabwera, nditawagwira dzanja. Kangachepe ka mwezi uno kachepa kwambiri, masiku ena sindinapite kuntchito.

Ine mwamuna wako.

20 Julaye

Okondedwa Amayi,

Mpongozi wanu akuwerengereni kalatayi pang'onopang'ono, osadumpha mzere. Ndikupereka moni, ndipo ndikufunsa za miyendo ndi maso. Ine thupi lili bwino.

Wandilembera kuti bodza limene ndinamutuma anakana kulinena. Wandiuzanso zimene munanena tsiku lija chiboliboli chinafika, zimene munamuletsa kundiuza. Akuti mutapapasa m'tsitsi munati, "Wosema uyu ndi wamanja. Mpeni wa mwana wanga umachokera uku, ndi wamanzere." Ndipo akuti munati, "Ngati nkhope yanga akuisema ena, mwini wake kulibe. Musiyeni mkulu wakeyo afunefune. Akapanda kumupeza akuyenda, apeza pomwe anagona, ine ndikufuna ndidziwe pamenepo."

Amayi, miyezi yonseyi ine ndikukutumizirani chiyembekezo, inu mukulandira n'kumati zikomo, maliro muli nawo nokha mumtima. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndine ndemwe. Ndachita manyazi, ndipo ndalira.

Ndinabwerera kushedi kuja. Ndinapempha choyamba chija, ndinatseka maso n'kupapasa m'tsitsi monga munachitira inu. Mizere yake ikuchokera kumanzere. Chimenecho chokha ndicho chake, ndipo anasemera inu, osati msika. Kubwera nacho andikaniza. Kuwaletsa kusema sindingathe, kugula zonse sindingathe. Potuluka ndinaona mtsikana wina pamalo okwerera basi atanyamula phukusi la nyuzipepala, mutu wanu utasuzumira kunja. Ndinamupatukira kuti adutse bwino.

Tsopano zimene munandituma. Mdala amene ankagwira naye ntchito anandiperekeza, ndi mmodzi mwa amene ananyamula bokosi. Akuti analipo anthu okwanira, ndipo anaimba. Manda ake ali kuseri kwa njanji, kumapeto kwenikweni, pafupi ndi mpanda wa waya. Palibe mwala, pali kachitsulo ka nambala kochita dzimbiri. Dzuwa la m'mawa limafikapo, masana pamagwa mthunzi wa mtengo wa kuseri kwa mpanda. Madzi sadikhapo. Sitima ikamadutsa nthaka imanjenjemera pang'ono, koma paja iye phokoso silinkamulepheretsa kugona. Udzu ndinazula ndi manja, pakuoneka bwino tsopano. Mdalayo walonjeza kuti azipitako.

Kuntchito ndatsanzika kale, nditha mwezi wamawa n'kunyamuka. Musamakhale panja kundidikira, kukuzizira.

Mdala atapita kukandidikira kuchipata, ndinakhala pansi n'kulankhula naye mng'ono wanga. Ndinamupepesa chifukwa cha mawu amene ndinamunenera. Ndinamuuza kuti tauni yonse inapusitsika, alendo, ogulitsa, ngakhale ine mkulu wake amene ndinkamunolera mipeni. Kenako ndinamuuza kuti amayi ake, osaona, anangopapasa n'kudziwa kuti limeneli si dzanja la mwana wawo.

Ine mwana wanu wotsala.